Nsanza ya Pansi pa Goli

Dzuwa linali litapendeka pamene Mai Wangolo analowa m'khola ndi beseni la madeya ndi kabotolo ka mafuta opaka pachilonda. Dzinali analitengera kwa malemu amuna awo, bambo amene moyo wawo wonse unathera pangolo, kututira anthu njerwa ndi zokolola, ndipo mvula ikayandikira ankalima minda ya eni ndi pulawo. Bambowo anamwalira chaka chatha atangodandaula mutu masana amodzi. Anasiya mkazi, nyumba yodontha ndi ng'ombe ziwiri zokoka, Nyangaimodzi ndi Mawanga. Ana sanakhale nawo, choncho ng'ombezo ndizo zinali ana a pakhomopo. Anthu ankaseka kuti mkazi akadwala, Wangolo amati upeza bwino mawa, koma ikatsokomola ng'ombe amathamangira kwa dokotala wa ziweto osavala ndi nsapato zomwe. Sankanama kwenikweni.

Nyangaimodzi anali atafa mwezi wapitawo, ndipo Mawanga naye anali m'njira yomweyo. Nthiti zinkawerengeka, linunda litagwera kumbali, ndipo pakhosi, pamene pamakhala goli, panali chilonda chosafuna kupola. Mayiwo anapaka mafuta pang'onopang'ono, ng'ombe ikuwapumira pamkono. Mtima unkawapweteka, chifukwa china chilichonse cha amuna awo chinali chitatha kupatula ng'ombe imeneyi.

Vutoli silinayambire kwa iwo. Ng'ombe za mwini chigayo ndizo zinayamba kupezeka m'mawa zili thukuta lokhalokha, thovu kukamwa, ziboda zili dothi la kudambo, pamene mipiringidzo ya khola ili m'malo mwake. Kenaka abulu a kalipentala anayamba zomwezo. Chiweto chinkaonda ngati chikusungunuka, mpaka tsiku lina chagona osadzukanso. M'makola munkanunkha dothi longotembenuzidwa kumene, losakanikirana ndi kafungo kena kamene aliyense wokumbako manda ankakadziwa koma osafuna kukatchula. Amayi olawirira kumjigo ankanong'onezana kuti amamva tcheni chikulira ndi kagudumu ka pulawo kakulira kwii, kwii, chakudambo. Chimene chinkawaimitsa tsitsi n'chakuti mawu a munthu sankamveka. Ndani analimapo ndi ng'ombe osakuwa?

Dokotala wa ziweto anabwera, nayang'ana Mawanga m'kamwa, m'maso ndi kuziboda, nati ng'ombeyo inalibe matenda, inkangogwiritsidwa ntchito mopyola muyeso. Mai Wangolo anamuuza kuti chimwalirire bambo sinavalepo goli. Dokotalayo anayang'ananso chilonda chija, natseka chikwama chake, ndipo madzi akumwa amene anapempha anawaiwala.

Amene anali ndi abale kutali anathawitsira ziweto zawo kumeneko, mpaka m'mudzimo munatsala ng'ombe yokoka imodzi yokha, Mawanga. Mchimwene wawo wa mayiwo anatumiza uthenga kuti abwera mawa lake kudzaitenga ikadali moyo. Aliyense anati ndi nzeru, kupatula alamu awo, akulu ake a malemu. Iwowo anabwera madzulo omwewo, natsamira pakhola ndi nkhope yachifundo, nati ng'ombe ya m'bale wawo isachoke pakhomo, ndi chikumbutso. Mai Wangolo anagwetsa misozi poona kuti alipo wina womvetsa. Sanadzifunse kuti munthu wopanda ng'ombe, amene khasu linkamuyabwa m'manja chiyambire unyamata, walima bwanji munda wonse wa kudambo mvula isanagwe. Mwini wake ankati amabwereka alimi akutali, ndipo anthu ankangoti chabwino.

Tulo sitinabwere. Kunja kutangoyamba kuyera, mayiwo anapita kukhola kuti akatsanzikane ndi Mawanga anthu asanadzuke. Anaipeza itaimirira miyendo ikunjenjemera, nthunzi ikufuka pamsana, kafungo kaja kali tho. Mipiringidzo inali yotseka monga anaisiyira. Atayandikira anaona kuti pachilonda pamatirira kansanza.

Si kansanza wamba. Kanali kopindidwa bwinobwino, m'mphepete mwake mutalowetsedwa mkati kuti musakhule bala. Munthu mmodzi yekha ndiye ankachita zimenezo. Alimi anzake ankamunena kuti amaveka ng'ombe mtsamiro ngati mkwatibwi, koma Wangolo sankaika goli pakhosi lotupa popanda kuyalapo nsanza. Mayiwo anaimatula nsanzayo naitambasula. Inali yabuluu, yamizeremizere, ndipo pakona panali batani losokedwa ndi ulusi wofiira. Batanilo analisoka okha m'mawa wa tsiku la maliro, ulusi wabuluu utasowa m'nyumba. Anali malaya amene anawaveka amuna awo powaika m'bokosi.

Sanakuwe. Anatuluka m'khola natsata ziboda pamame, kudutsa kuseri kwa chigayo, kutsetserekera kudambo, mpaka pamunda wa alamu awo. Mizere yatsopano inali mbee, yowongoka ngati yoyezera chingwe, ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse pulawo inkatembenukira kumanzere monga ankachitira malemu. Anawerama nayang'ana pansi. Mbali imodzi ya mzere kunali ziboda za Mawanga. Mbali inayo, pamene pankayenda Nyangaimodzi, panali mapazi a munthu, ozama chakutsogolo ngati a munthu wokoka cholemera. Phazi lamanzere linalibe chala chachikulu. Chala chimenecho chinadulidwa ndi gudumu la ngolo chaka chimene anakwatirana, ndipo anali iwo amene ankatsuka balalo.

Ankamva kuyambira ali mwana kuti mfiti imatha kupha munthu m'maso mwa anthu, n'kukamutenga kumanda, n'kumudula lilime kuti aziigwirira ntchito mwakachetechete. Ankaziyesa nkhani zoopsezera ana. Tsopano anadziwa chifukwa chake olawirira kumjigo sankamva mawu a wolima. Anagwada m'dothimo naika dzanja m'phazi lija, ndipo analira kuposa mmene analirira pamaliro.

"Mwalawira, mlamu."

Anali alamu awo, ataima kumapeto kwa munda, manja kumbuyo, nsapato zili zouma ngakhale udzu wonse unali mame.

"Ali kuti?" anafunsa mayiwo.

"Ndani?"

Anawaonetsa nsanza ija. Alamuwo anaiyang'ana nthawi yaitali, napukusa mutu ngati munthu wokhumudwa ndi wantchito wosamva.

"Khalidwe limeneli sadzalisiya," anatero. "Malaya onse atha ndi kung'amba."

"Ndikauza anthu."

"Kawauzeni. Akafukula manda apeza chimene apeze, ndipo inu adzati chisoni chakuzunguzani mutu. Koma ndamva kuti achimwene anu akubwera ndi chingwe. Muganize bwino, mlamu. Munda uwu sunathe, ndipo kutsidyaku kuli wina. Ng'ombe ikachoka, akoka yekha."

Atatero anatembenuka nanyamuka, osafulumira n'komwe.

Mchimwene wawo anafika dzuwa litakwera, chingwe chili paphewa. Anapeza mlongo wake atakhala pakhomo la khola, dothi lili m'maondo. Ataona Mawanga anagwira pakamwa, nati akachedwa sabata ina adzatola chikopa chokha. Mai Wangolo anati ng'ombe sichoka. Mchimweneyo anayesa kunyengerera, kenaka anapsa mtima. Anati malemu mlamu wake ankakonda ng'ombeyi kuposa munthu, ndipo akanakhala moyo sakanalola kuti ife chonchi mkazi wake akuonerera. Mawu amenewo anawalasa mayiwo mumtima, chifukwa anali oona. Anatsegula pakamwa kuti anene, koma anaona kale mmene nkhope ya mchimwene wawo idzasinthire, ndi mmene adzaitengere ng'ombeyo mokakamiza poganiza kuti akuthandiza wodwala.

"Achimwene, pitani bwino," anatero. "Ili ndi ntchito kuno."

Mchimweneyo anachoka akung'ung'udza kuti umasiye wamulanda nzeru mlongo wake.

Madzulo mayiwo anadzaza beseni ndi madeya mpaka kusefukira, nathiramo mchere wonse umene unatsala m'nyumba. Anamweta udzu wauwisi wa m'mbali mwa mjigo. Mawanga akudya, anamukumbatira pakhosi namupepesa. Anamuuza kuti akudziwa kuti akumupereka kuimfa, koma apirire, akokeko mbali yake, asamusiye mnzake yekha. Ng'ombeyo inangobzikula, ikuwayang'ana ndi maso ake onyowa.

Kenaka analowa m'nyumba natenga nsalu yawo yabwino, imene malemu anawagulira atagulitsa thole loyamba. Anaing'amba pakati. Chidutswa chimodzi anachipinda monga ankachitira amuna awo, m'mphepete kulowetsa mkati, cha pakhosi pa ng'ombe. Chinacho anachipinda mochindikala kuposa choyambacho, poyesa ndi phewa lawo lomwe, popeza phewa la munthu ndi laling'ono ndipo lilibe linunda. Anaziika zonse ziwiri pamwamba pa mpiringidzo wa khola.

M'mawa mwake Mawanga anali m'khola, thukuta lili chuchuchu, ziboda zili dothi. Pampiringidzo panalibe kanthu. Mayiwo anayang'ana pakhosi pa ng'ombe, napeza nsalu zonse ziwiri zili pomwepo, zosanjikizidwa bwinobwino pachilonda cha Mawanga.