Chikhoti cha Anthu Awiri

Atelala anatseka shopu mochedwa dala. Ntchito inali itatha dzuwa likadalipo, koma iwo anangokhala pamakina, kumasula ulusi wa thalauza la eni ake n'kulisokanso, poopa kukaonana ndi mwana wawo wamkazi kunyumba. Mtsikanayo anali atapeza malo pasukulu ya unamwino kunja kwa dziko, ndipo sukuluyo inkadikira yankho mawa lake. M'mawa bambo akewo anali atamenya tebulo. "Kunjako ndinakhalako ine. Kulibe china koma kuzizira ndi njala. Supita!" Mwanayo anangochotsa makapu patebulo mwakachetechete, ndipo zimenezo n'zimene zinawasowetsa mtendere tsiku lonse.

Minibasi yomaliza inali itapita, choncho anauyamba wapansi, tepi yoyezera ikadali m'khosi. Kunali kotentha, malaya akumata kumsana. Anadutsa magolosale otseka, anadutsa pomwetsera mafuta, mpaka nyale za mumsewu zinathera kumbuyo. Kutsogolo kunali mlatho, ndipo pansi pake achule anali pampikisano wa phokoso.

Atangoponda pamlathopo, achule anasiya. Onse. Zii!

Kenako kunabwera kamphepo kozizira, kolowa m'mafupa. Atapuma anaona nthunzi ikutuluka m'kamwa mwawo. Nthunzi... nyengo yotentha ngati imeneyi?

Kutsidya kunamveka nsapato. Go... go... go... Atelala anaima. Mumdimamo munatuluka chinthu chachitali. Chinkabwera osafulumira. Chinali ndi mutu, mapewa, chikhoti chakuda cha nsalu yokhuthala. Manja a chikhoticho anathera pang'ono kupitirira m'zigongono. Chinaima patsogolo pawo penipeni!

"Chitsa! Wachedwanso. Ukufuna ndiume?"

Dzina limenelo! Padziko lonse panali munthu mmodzi yekha amene ankawatchula choncho.

"Nsungwi?"

Munthuyo anaseka, chiseko chomwe chija chothera m'kutsokomola, ndipo mantha a atelala anasungunuka ngati mafuta pachiwaya. Anamukumbatira. Anali wozizira ngati chitseko cha firiji, akununkhira sopo ndi dizilo.

Nsungwi anali mnzawo wa paunyamata, kunja kuja. Ankakhala kachipinda kamodzi pamwamba pa nyumba ya mayi wina wamasiye, bedi limodzi, mpando umodzi, chikhoti chimodzi. Atelala ankasoka makolala m'fakitale masana, Nsungwi ankatsuka mabasi usiku. Chikhoticho ankalandirizana pakati pa mlatho wa mumzindawo: wopita kunyumba ankavula n'kuthamanga, wopita kuntchito n'kuvala chikadali chofunda. Kwa Nsungwi chinali chachifupi manja. Kwa Chitsa chinkasesa msewu, ana asukulu n'kumamulondola pambuyo.

Anatsamira chitsulo cha mlatho ngati kale, nkhani n'kuyamba kutuluka zokha. Anakumbutsana za mazira owiritsa amene ankasiyirana m'thumba la chikhoticho, ndi tsiku limene Nsungwi anaiwala kuwiritsa. Anakumbutsana za m'mawa umene anaona koyamba chipale chofewa chikugwa: Chitsa anayesa phulusa, anatsika masitepe ndi kabudula yekha akukuwa kuti mzinda ukupsa. Mayi wamasiye uja anaseka mpaka mano ake oikirira anagwera m'kapu ya tiyi. Ndi mayi yemweyo amene Lamlungu lililonse ankakankhira tebulo kukhoma, kutsegula wailesi, n'kumawaphunzitsa kuvina kwa kumeneko kukhitchini, Nsungwi akugunda mutu pababu la magetsi, Chitsa akuponda mphaka.

Atelala anaseka mpaka misozi. Anali ataiwala kuti m'chifuwa mwawo mumatha kutuluka phokoso lotero.

"Koma iwe sukalamba bwanji? Imvi olo imodzi! Wabwera liti? Ukukhala kuti?"

"Kumene ndikukhala n'kothina kuposa kachipinda kathu kaja," anatero Nsungwi, "koma aneba ake ndi aulemu. Sasokosa."

Nsungwi anayang'ana madzi. Kenako anatembenuka.

"Ndiye mwana ukumuuza za kuzizira zokhazokha? Wabodza iwe, Chitsa. Za kukhitchini zija wasungira ndani?"

Atelala anaweramitsa mutu, kupukuta maso ndi nsonga ya malaya. Anafuna kunena kuti mwana wamkazi si mnyamata, kuti dziko linasintha, kuti nyumba idzakula kwambiri iye akachoka. Atadzutsa mutu...

Panalibe munthu.

Mlatho wonse unali mbee, uku ndi uku. Kutentha kunabwerera ngati wina watsegula uvuni. Chule mmodzi anayesa mawu, anzake n'kulandira.

"Nsungwi! Iwe Nsungwi!"

Tsitsi linawaima. Koma miyendo italiitali ya Nsungwi inkatha mlatho ndi mapazi ochepa ngakhale kale, anadziuza choncho, n'kuyamba kuyenda ndawala. Pofika pakhomo anali akuimba kanyimbo ka pawailesi ya mayi wamasiye.

Akazi awo anatsegula chitseko atagwira m'chiuno. "Inu abambo ake, mwamwa?"

"Ndikanamwa bwenzi ndikuvina bwino kuposa apa. Kankhani tebulo."

Pansi pa chitseko cha mwana wawo pankaoneka kuwala. Anagogoda. Mtsikanayo anatuluka maso ali otupa, ndipo anapeza bambo ake, amene sanawaonepo akugwedeza ngakhale phewa, akuzungulira pabalaza atagwira mayi ake m'chiuno, akuwaponda zala.

"Adadi, muli bwinobwino?"

"Khala pansi, mwanangu. Ndinakuuza theka la nkhani."

Anamufotokozera zonse, za dzira, za kabudula, za mano a m'kapu. Mayi ndi mwana anaseka mpaka aneba anagogoda khoma. Pomaliza atelala anagwira dzanja la mwana wawo. "Kuzizira kuliko, sindinaname. Udzalira masiku ena. Koma pita. Uwayankhe kukangocha."

Kutacha, atatumiza yankho lake, mtsikanayo anati munthu woteroyo ayenera kubwera kudzadya nawo. Anafunsa dzina lenileni la Nsungwi n'kuyamba kufufuza pafoni. Nsungwiyo sanamupeze, koma anapeza mnyamata wa dzina la bambo lomwelo, wamtali ngati mlongoti, wokhala mumzinda womwe uja wa kunja, kumenenso kunali sukulu ya unamwino ija. Anamulembera, ndipo dzuwa lisanafike pamutu foni inalira.

Mnyamatayo ankalankhula chinenero cha bambo ake mopotoza lilime, koma zinkamveka. "Ndinu a Chitsa? Eee! Adadi ankakutchulani tsiku ndi tsiku. Achemwali akamabwera mundiuze, ndidzakawachingamira kubwalo la ndege."

"Zikomo, mwanangu. Tsono bambo akowo afikira kwa yani kuno? Dzulo anandithawa pamlatho osatsanzika."

Mawu a mnyamatayo anatsika.

"Bambo... adadi anamwalira ine ndili kupulayimale. Kwanuko sanabwerereko chichokereni. Manda awo ali konkuno."

Akazi a atelala anagwira pakamwa. Mtsikana uja anayang'ana bambo ake. Atelala anakhala pansi pang'onopang'ono, misozi ikutsika, koma milomo ikukana kuleka kumwetulira.

"Mtunda wonsewo," anatero, "munthu kuuyenda wapansi kuti adzangonditchula wabodza."