Njere Imodzi Yamakani

Modester amakhala ku Phalula. Iye amafuna kukhoza masamu. Koma masamu amamuthawa.

Tsiku lina aphunzitsi anapereka ntchito. "Mawa aliyense abwere ndi nambala yaikulu," anatero. "Ikhale yogawika bwino, yopanda chotsala."

Modester anathamangira kunyumba. Anatonola chimanga mpaka kambale kanadzaza. Anayala mphasa pakhonde. Anayamba kuwerenga njere.

Nkhuku yamawanga inabwera. Inasuzumira m'mbale.

"Choka!" anatero Modester.

Amayi anaseka. "Ileke isuzumire. Lamlungu lino ndi ndiwo imeneyo."

Modester anaika njere m'milu, ngati mmene amayi amaikira tomato kumsewu. Anawerenga, anawerenga, mpaka khosi linawawa. Njere zinakwana 1,021.

"Eee! Nambala yaikulu ndaipeza!" anakuwa.

Tsopano anafuna kuigawa. Anagawa njere pawiri. Njere imodzi inatsala.

Anagawa patatu. Njere imodzi inatsala.

Nkhuku inabweranso.

"Choka, iwe!"

Anagawa panayi. Njere imodzi inatsala. Anagawa pasanu. Njere imodzi inatsalanso!

Modester anakwiya. Misozi inalengeza m'maso. "Amayi, nambala iyi ndi yamakani!"

Achemwali ake, a Jane, anafika kuchokera kusekondale. Analemba nambalayo pansi ndi kamtengo. Anayesa uku, anayesa uku.

"Pepa, Modester," anatero a Jane. "Nambala zina zili choncho. Ugawe pawiri, ikana. Ugawe pakhumi, ikana. Iyi ndi imodzi mwa izo."

"Ndiye ndiyambirenso kuwerenga?"

"Kaya iwe," anatero a Jane.

Modester anayang'ana milu. Anayang'ana kanjere kotsala kaja. Nthawi zonse kamatsala kamodzi. Kamodzi kokha!

Kenako anayang'ana nkhuku. Nkhuku nayo inamuyang'ana.

"Bwera kuno," anatero Modester.

Anaponya kanjere kaja. Nkhuku inajompha. Kanjere kanapita!

Tsopano njere zinali 1,020.

Modester anagawa pawiri. Panalibe chotsala. Anagawa patatu. Panalibe chotsala. Panayi, panalibe. Pasanu, panalibe!

Modester anadumpha. Anavina kuzungulira mphasa.

Nkhuku inatambasula khosi. Inafuna njere ina.

"Iyayi!" anakuwa Modester. "Imodzi yakwana! Usandionongere nambala!"

Mawa lake aphunzitsi anaona ntchito yake. Anachonga ndi cholembera chofiira. "Wakhoza, Modester. Anakuthandiza ndani?"

"Nkhuku yathu, aphunzitsi."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Lamlungu linafika. Abambo ananola mpeni. Modester ananyamula nkhuku ija n'kuikumbatira.

"Abambo, chonde! Nkhuku iyi imadziwa masamu."

Abambo anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana nkhuku. Abambo anabweza mpeni m'nyumba.

Tsiku limenelo onse anadya nyemba. Modester anadya mosangalala. Nkhuku inadya njere 1,020 zija, ndipo panalibe chotsala.