Kabokosi ka Pachitseko cha Mayi Feldman

Regina anakumana ndi Overtone kulaibulale ina ku North York, kutsidya kwa nyanja, tsiku limene ankaonetsa filimu yakale, yojambulidwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, yonena za mmene anthu ankasalira Ayuda. Regina anaperekeza Mayi Feldman, gogo wachiyuda amene ankamusamalira n'kumakhala naye nyumba imodzi.

Magetsi atayaka, mnyamata wina pambali pake ankapukuta misozi.

"Pepani achemwali, mtima wanga ndi wofewa," anatero mnyamatayo, atamumva Regina akuyankha foni m'Chichewa. "Tsankho ndimadana nalo koopsa."

Mwamuna wolira pagulu? Regina anagwa m'chikondi pompo, osanama!

Mameseji anayamba kugwa ngati mvula. "Duwa langa, wadya?" "Chaka chisanathe, ankhoswe anga afika kwa amalume ako ku Dedza."

Koma chinthu chimodzi chinkamuzunguza mutu. Overtone akabwera kudzamutenga sankalowa m'nyumba, ankangoliza hutala ali m'galimoto. Akuopa kuonedwa ndi ndani? Kapena ku Mississauga, kumene amakhala, kuli mkazi wina?

"Wokondedwa, talowa udzapereke moni kwa agogo."

"Mawa, switi wanga, lero ndachedwa."

Mawa lakelo silinkafika.

Lachisanu lina masana Mayi Feldman anakuwa pakhomo. Kabokosi kamene kanali pafelemu ya chitseko, kokhala ndi kapepala ka mawu a m'Malemba mkati, kanali katazulidwa. Panangotsala mabowo awiri a misomali. Anakhoma kabokosiko ndi malemu amuna awo, ndipo gogoyo sankalowa m'nyumba osakakhudza.

"Zayambanso," anatero gogoyo. "Anthu amati za mufilimu zija n'zakale." Kenako anamuyang'anitsitsa Regina. "Mlendo amene amaima panjapa ndi wako yekha."

Regina sanachedwe. Anaimbira Overtone kuti abwere msanga, ndipo mnyamatayo atafika, Regina analowa m'galimoto osapereka n'moni womwe.

"Overtone, usandinamize. Kabokosi kaja wakaona?"

Mnyamatayo anamwetulira, eti kumwetulira! Anapisa dzanja pansi pa mpando n'kukatulutsa, kali koswekasweka.

"Ndakupulumutsa, mayi wa ana anga! Ichi n'chithumwa. Anthu amenewa sungawamvetse, akukumanga kuti uwagwirire ntchito mpaka ukalambe. Kapepala ka mkati ndawotcha. Nanga ukundiyang'ana choncho bwanji? Ndachitira chikondi!"

Chikondi chimenecho? Bola akanakhala mkazi wina, Regina akanadziwa pomwe angalirire.

Anatola zidutswazo n'kutsika, osatembenuka ngakhale Overtone ankamuitana mayina onse okoma. Pakhomo anagwada ngati kumudzi, n'kuzipereka ndi manja awiri.

"Wachita ndani?" anafunsa Mayi Feldman.

"Mwamuna amene ndimati andikwatire, agogo. Pakhomo pano ndinamubweretsa ndine."

Gogoyo sanakalipe. Anatembenuza zidutswa zija chimodzichimodzi m'manja mwake, kenako anafunsa chapansipansi:

"Nanga kapepala kali kuti, mwana wanga?"