Nkhope ya Phungu Pansi pa Ufa

Thumba linasowa Loweruka masana pabwalo la mpira ku Nsaru, anthu onse maso ali kwa phungu wawo.

Rozaria yekha ndiye anaona. Anali m'gulu la amayi ovina, Febe ali kumsana, koma maso ake sankakhazikika. Ng'oma zinkamveka ngati zikulira kutsidya kwa dambo. M'fumbi la ovinawo anaona mwamuna wake, Levison, akutsitsa thumba la feteleza pa lole ya phungu. Analimanga panjinga, n'kuzimirira m'minda.

"Matumba mukuwaonawa ndi anu!" phungu ankakuwa. "Tigawa zonse zikalongosoka!"

Matumba omwewo anthu anawaombera m'manja ku Kabudula, n'kuwaomberanso ku Nambuma. Lililonse linali ndi nkhope ya phunguyo, akumwetulira. Chaka chimenecho mbuzi sinkagulanso thumba, ndipo chimanga cha Rozaria chinali chitayamba chikasu.

"Bambo a Febe, mwatipha," anatero atafika kunyumba.

"Simunamve, amake Febe? Akuti ndi athu. Ndangotengeratu gawo."

Levison anamasula ulusi. Pamwamba panali feteleza woyera, wongokwana m'mbale. Pansi ponse mchenga wakudambo. Anaseka mpaka misozi, n'kukaukhuthula kuseri kwa khola.

"Thumbali muliwotche," anauza mkazi wake.

Rozaria anakoleza moto. Koma thumbalo linali latsopano, lolimba, lopanda chibowo n'chimodzi chomwe. Ndani anayamba wawotchapo thumba? Analichapa, n'kulipinda.

Lachinayi anabwera kuchokera kuchigayo, mphasa ili yong'ambika. Anayala thumba lija pabwalo, n'kuyanikapo ufa mpaka nkhope yonse inakwiririka. Anakhala pakhonde akuyamwitsa. Dzuwa linamulemeretsa zikope. Anaona munda wake utabiriwira, ngayaye zikugwedezeka, Febe akuthamanga m'mizere atakula kale.

Nkhuku zinapalasa ufa.

"Odi kuno!"

Anali Sajeni Gwaza ndi mnzake, akuyenda khomo ndi khomo. Sajeniyo anayang'ana pansi. M'kati mwa ufa munkasuzumira diso limodzi ndi mano a phungu.

"Amayi, Olemekezeka afika bwanji pakhomo pano?"

Levison anatulukira kukhola, khasu lili paphewa. Anayang'ana thumba, anayang'ana mkazi wake. Anatsitsa khasu.

"Ndine, bwana. Koma ndinaba mchenga. Uli uko."

"Dandaulo likuti feteleza, achimwene. Zamchengazo mukauze khoti."

Unyolo unalira. Rozaria anasendera pafupi kuti apepese.

"Wam'mbale uja mukathire m'mizere yakumtunda," Levison anatero, osamuyang'ana.

Wapolisi winayo anagwira ngodya ya thumba kuti alikutumule, poti unali umboni. Sajeni Gwaza anamugwira dzanja.

"Dekha, iwe. Amayi, tabweretsani beseni. Ufa si wotaya masiku ano."