Nthano Imene Belu Linaidula

Loweruka limenelo a Fabiano anaweruka msanga kodulira tiyi. Anasamba, navala jekete lawo la ukwati limene mabatani ake anasiya kalekale kugwirizana. Ku holo ya pa Boma kunali chikondwerero cha anthu okamba nthano, ndipo iwo anali m'gulu la okakamba. Akazi awo, a Esnat, sanapite nawo. Mwana wawo wamkazi anali atangochira kumene, khanda lisanatuluke m'chikuta.

"Mukabwere anthu asanagone," anatero a Esnat. "Ndipo musatibweretsere zachilendo. Muno muli khanda."

"Zachilendo ndikazitenga kuti, mayi? Ine ndikungopita kukanama basi, ndibwerako."

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Munali aphunzitsi, anamwino a ku Makwasa, ana asukulu, ngakhalenso mabwana a pa esiteti aja amene amaseka anzawo atamaliza kale. Woyendetsa mwambo anali Tamando, mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Kasungu, foni ili m'manja, belu lili pambali. Lamulo lake linali limodzi: nthawi yako ikakwana, belu, ukakhale pansi.

A Fabiano anakwera, nakonza kukhosi.

"Padangotero!"

"Tili tonse!" holo yonse inayankha, malata mpaka kunjenjemera.

Anakamba za mkulu wina wa ku Kapichi amene anagula njinga kwa mayi wamasiye. Masana inali njinga yaulemu. Koma usiku inkadzuka yokha, kutsegula chitseko, ulendo. M'mawa ankaipeza yabwerera, matayala ali matope okhaokha, chishalo chili chofunda. Anaimangirira ndi tcheni ku mtengo wa papaya, inapita ndi papaya yemwe. Anthu anagwa nalo phwete. Ndiye tsiku lina mkuluyo anadzimangirira pa keriyala kuti akaone kumene imapita. Njinga inanyamuka. Itangofika pa mphambano...

Ngwee! Belu.

"Tiwaombere m'manja a Fabiano," anatero Tamando.

"Aphunzitsi, nthano sinatsekedwe. Ndiloleni ndingoitseka."

"Madala, pulogalamu ndi yaitali. Mudzatseka chaka chamawa."

Kwathu kuno nthano ili ngati khola la mbuzi, ukatsegula uyenera kutseka. Wokamba amafika nayo pamathero, kenaka amati "kaphuleni mbatata pamoto," omvetsera nkuyankha kuti "yapserera," basi aliyense amasuka. A Fabiano ankadziwa zimenezi. Koma sanalimbikire kwenikweni, chifukwa, tinene zoona, mathero analibe. Iwo nthawi zonse mathero ankawapeza ali kale pakati pa nthano.

Mwambo unatha mdima utagwira. Minibasi zinali zitasiya kuyenda, akabaza atathawa chiperoni. A Fabiano anadzera njira yachidule ya m'munda wa tiyi. Chifunga chinali chitakhala pamasamba ngati bulangete lonyowa. Kuti adzilimbitse mtima, anayamba kulankhula okha, kufunafuna mathero aja.

"Njinga ija itangofika pa mphambano..."

"Tili tonse."

Anaima. Mawuwo anachokera kumbuyo, chapansi, msinkhu wa tiyi. Sanali a mwamuna, sanali a mkazi. Anali ngati a munthu amene wakhala nthawi yaitali osalankhula.

"Ndani? A mlonda, ndinu?"



Anayatsa tochi ya pa foni. Masamba okhaokha, mizere kupita mpaka m'chifunga. Mphepo kunalibe. Koma chitsamba chimodzi chinkagwedezeka pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wovomereza ndi mutu.

Anatseka pakamwa, nayamba kuyenda. Kumbuyo, tswa, tswa, tswa. Anaima. Nakonso kunaima. Anathamangako pang'ono, jekete likuwamenya m'chiuno. Tswa-tswa-tswa, osatsalira, osawapitirira. Chinthucho sichinkawathamangitsa ayi. Chinkangodikira kuti apitirize.

Atafika pa chitunda, anaona nyali za ku komboni kutsidya kwa kamlatho. Nyumba yawo inali yoyamba. Pawindo pankaoneka kuwala, ndipo anamva khanda likulira.

Miyendo inkati tiyeni. A Fabiano anaikaniza. Womvetsera amene sanamve mathero sabwerera panjira. Akawoloka naye kamlathoko, alowa naye m'nyumba, akakhala pambali pa mphasa ya khanda.

Anapeza chitsa cha bulugamu m'mbali mwa njira, nakhalapo, nazimitsa tochi.

"Chabwino," anatero. "Kaya ndinu ndani, kwathu simufikako. Khalani pomwepo, ndikupatsani nthano yanu."

Tchire linasendera. Fungo la dothi lokumbidwa kumene linawafika m'mphuno.

"Njinga ija inagwera mumtsinje, nkuthyoka. Basi, yathera pomwepo."

 Kenaka chitsamba cha pafupi ndi bondo lawo chinagwedezeka, ndipo china chake chozizira chinawakhudza pa kakolo.

"Pepani, pepani. Amenewo ndi mathero a ana. Tiyambirenso."

Anapukuta thukuta, nayamba kuiyendetsa njinga bwinobwino. Pa mphambano inakhotera kumanzere. "Tili tonse." Inadutsa pa fakitale, agalu osauwa. "Tili tonse." Mkulu uja ali pa keriyala ankamva munthu akupuma movutika patsogolo pake, koma pa chishalo panalibe munthu. "Tili tonse." Mawu aja tsopano ankayankha msanga, mwadyera. A Fabiano anamva nthano ikuwabwerera m'kamwa monga imachitira ikafuna yokha.

Njinga inakaima pa shedi yoyezera tiyi. Mwini wake woyamba anali munthu woopa kuchedwa kuntchito, ndipo atamwalira palibe anamuuza kuti wapuma. Usiku uliwonse ankapalasa kudzadikira kapitawo. Mkulu uja anadzimasula, navula chipewa, nauza chishalo kuti, "Achimwene, ntchito munaimaliza. Kagoneni." Chishalo chinazizira. Kuyambira tsiku limenelo njinga inkagona m'nyumba ngati njinga zinzake.

A Fabiano anatembenukira ku chitsamba chija.

"Kaphuleni mbatata pamoto."

 Khanda kutsidya linali litasiya kulira.

"Yapserera."

Anapumira m'mwamba. Anaimirira, nasasa jekete, naponya phazi kulunjika ku kamlatho.

"Padangotero," anatero mawu aja.

A Fabiano anauma. Anali ataiwala. Pabwalo la nthano womaliza kukamba sanyamuka. Amene wakumvetsera naye ali ndi nthawi yake, ndipo wokamba akasowa womuyankha amapita kukamufuna kumene kuli anthu.

Anayang'ana windo lawo lija. Anabwerera pa chitsa, nakhala, nakoka jekete.

"Tili tonse," anatero.

M'mawa amayi opita kutchalitchi ndi amene anawapeza, mame ali thupi lonse, maso ali pa chitsamba, mawu atasasa. Kapitawo Hopeson anachita kuwanyamula ngati thumba la feteleza. A Esnat anawathira madzi ofunda kumapazi uku akuwakalipira.

"Ndinati mubwere anthu asanagone. Mwagona kuti?"

"Sindinagone, mayi. Khanda lili bwanji?"

"Lagona bwino. Inu mumamvetsera chiyani m'tiyi?"

 A Fabiano, munthu amene ankakamba ngakhale za nkhuku yoikira mazira ophikaphika, nthano imeneyo sanaiuzepo aliyense.

Ku komboni amanong'onezana mosiyanasiyana. Ena amati pamene pali munda umenewo panali mudzi kale, tiyi asanabwere, ndipo eni ake anatsala ndi nkhani zambiri zopanda wozimva. Ena amati ndi kachasu chabe, ngakhale a Fabiano anasiya mowa kalekale.

Chimene tonse timachiona ndi ichi. Dzuwa likamalowa, a Fabiano amadya msanga, kuvala jekete, kutenga kampando, nkuwoloka kamlatho. Tsiku lina Hopeson anawatsekera njira.

"Madala, mudzafera m'tiyi. Bwanji osangosiya?"

"Ndisiye kuti abwere kudzamalizira kunyumba?" anatero a Fabiano, akumulambalala. "Nthano yake sanafike nayo ndi pakati pomwe. Ndipo kumene achokera kulibe belu."