Tisiyenji ndi Ulusi wa Mlendo

Tisiyenji ankatonola chimanga pakhonde. Njere zinkagwera m'lichero. Unali mwezi wa Juni. Kunkazizira.

Amayi ake aang'ono, a Febe, anatulukira kuseri kwa nyumba.

"Tisiyenji, wamva? Amayi ako apita ku Namitete Loweruka. Akakhala kuchipatala."

Tisiyenji anasiya chimanga.

"Kodi akudwala?"

"Ayi, sakudwala. Akukadikira mlendo."

"Mlendo wake uti?"

"Iwe, mafunso! Tatonola chimangacho."

Ana sauzidwa zonse. Tisiyenji anayambanso kutonola chimanga. Koma mtima wake sunakhale chete. Ankafuna kuwapatsa Amayi mphatso ya paulendo.

Amayi analibe kachikwama. Foni yawo ankaimanga pansonga ya chitenje. Nthawi zina inkagwa. Tsiku lina inagwera m'madeya a nkhuku.

"Ndiwalukira kachikwama ka m'chiuno," anatero Tisiyenji. "Kakhala ka maluwa."

Tisiyenji ankadziwa kuluka. A Febe ndiwo anamuphunzitsa. Koma analibe kangowe kolukira.

Anapita kwa Abambo. Abambo ankakonza njinga m'chigafa cha fodya. Tisiyenji anawanong'oneza. Abambo sanafunse zambiri. Anatenga sipoko yakale. Anainola pamwala. Anapinda nsonga yake.

"Tenga, mayi," anatero.

"Zikomo, ababa."

Kangowe kanapezeka. Nanga ulusi?

Tisiyenji anayang'ana pawindo. Panalibe. Anayang'ana pansi pa bedi. Panalibe. Anayang'ana m'dengu la Amayi. Pansi pa zitenje panali ulusi! Wachikasu, woyera ndi wobiriwira. Unali wofewa ngati kamwanapiye.

"Ulusi wongokhala uwu," anaganiza.

Sanapemphe. Ankaopa kuti Amayi adziwa za mphatso.

Tisiyenji anakhala kuseri kwa chigafa. Anayamba ndi wachikasu.

Lowetsa, kola, koka. Lowetsa, kola, koka.

Pakati pa duwa panaoneka. Anatenga woyera.

Lowetsa, kola, koka. Lowetsa, kola, koka.

Duwa linapindika ngati khutu la mbuzi. Tisiyenji anaseka. Anamasula. Anayambanso.

Tsopano duwa linakhala bwino. Analizunguliza ndi wobiriwira. Kanakhala kachigamba ka ngodya zinayi, duwa lili pakati.

"Zikomo, Mulungu," anatero motsitsa mawu.

Mawa lake analuka kena. Mkuja analuka tina tiwiri. Zala zinkauma ndi mphepo. Ankaziuzira mpweya, n'kupitiriza.

Analumikiza tizigambato. Tiwiri kutsogolo, tiwiri kumbuyo. Analuka lamba. Anamuyeza m'chiuno mwa a Febe, iwo akusinja. A Febe anadziwa, koma anayang'ana kumbali. Abambo anadula batani pa malaya awo akumunda.

Kachikwama kanatha. Ulusi nawo unatha.

Loweruka linafika. Amayi ankalongedza katundu. Beseni, zitenje, sopo. Kenako anapisa dzanja m'dengu. Anapisanso. Anakhuthula zonse pamphasa.

"Febe, ulusi wanga wauona?"

"Ayi, achemwali."

Tisiyenji anathamangira kuchigafa. Anabwera ndi kachikwama. Anagwada. Anapereka ndi manja awiri.

"Amayi, mphatso yanu. Muziikamo foni."

A Febe anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Kodi unkaluka ndi ulusi umenewu? Unali wa chipewa cha mlendo!"

Tisiyenji anadabwa.

"Mlendoyo alibe chipewa chake?"

Abambo anatsokomola. Anayamba kuyang'ana matayala a njinga.

"Bwera kuno, mwana wanga," anatero Amayi.

Tisiyenji anasendera pafupi.

"Mlendo ameneyu amabwera chimanjamanja. Alibe chipewa. Alibe malaya. Kamutu kake n'kakang'ono ngati lalanje. Mphepo ya Juni imamupweteka. Ndimati ndikamulukire chipewa ndili kodikira."

Tisiyenji anayang'ana nkhope ya Amayi. Anayang'ana mimba ya Amayi. Anayang'ananso. Tsopano anamvetsa.

Misozi inalengeza.

"Ndikamasula kachikwamaka, Amayi. Ndikamasula pompano."

Anagwira duwa loyamba. Amayi anagwira dzanja lake.

"Ayi. Zala izi zauma ndi mphepo chifukwa cha ine. Kachikwama aka n'kanga."

Amayi anaimirira. Anazunguliza lamba m'chiuno. Lamba sanakumane. Anakoka. Sanakumanebe.

"Wayeza chiuno cha Febe, eti?" anafunsa Amayi. "Chiuno cha mavu chija?"

"Achemwali, musandiyambe!" anatero a Febe.

Onse anaseka. Amayi anakoleka kachikwama paphewa.

Koma Tisiyenji sanaseke.

"Nanga chipewa?" anafunsa.

Ulusi m'nyumba munalibe.

Tisiyenji anayang'ana juzi imene anavala. Inali yofiira. Inali itamuchepera. Komabe ankaikonda. Inali yofunda kwambiri.

Tisiyenji anaivula.

"Timasule iyi."

"Ukhala ndi chiyani, mayi?" anafunsa Abambo. "Kukuzizira."

"Ine ndine wamkulu, ababa. Iye ndi wamng'ono."

A Febe anamuyandikira. Anamasula chitenje chawo chapamwamba. Anamufunditsa Tisiyenji m'mapewa. Kenako anadula mfundo ya pamkono wa juzi.

Tisiyenji anakoka ulusi. Unatuluka wopotanapotana. Abambo anatambasula manja. Ulusi unazungulira manja awo. Amayi anaukulunga.

Koka, zunguliza, kulunga. Koka, zunguliza, kulunga.

Juzi inachepa. Mpira wa ulusi unakula. Juzi inatha.

Amayi anaika ulusi wofiira m'beseni. Foni anaiika m'kachikwama. Tisiyenji anawapatsanso kangowe kake.

"Pepani, Amayi," ananong'oneza.

"Ine ndalandira mphatso, ndathokoza," anatero Amayi. "Ulusi uja sunali wanga. Mwini wake akubwera."

Onse anagwada pamphasa. Abambo anapemphera. Anathokoza chifukwa cha chimanga. Anathokoza chifukwa cha manja oluka. Anapempha ulendo wabwino.

Amayi anakwera pakaliyala wa njinga. Abambo anapalasa pang'onopang'ono. Maluwa oyera ankaoneka paphewa la Amayi mpaka pokhota njira.

Masiku anapita. Tisiyenji ankatonola chimanga. Ankatunga madzi. Ankagona kwa a Febe. M'mawa uliwonse a Febe ankamusiyira mbatata yotentha. Tisiyenji ankaifumbata kuti zala zifunde.

M'mawa uliwonse ankapemphera.

"Mulungu, mlendo asamve kuzizira. Musunge Amayi. Ameni."

Tsiku lina masana kunamveka nthungululu. Tisiyenji anasiya ndowa. Anathamanga.

Amayi anali atafika! Anakhala m'nyumba pamphasa. Kachikwama kanali m'chiuno. M'manja munali kamtolo ka zitenje.

"Kasambe m'manja," anatero a Febe.

Tisiyenji anasamba m'manja. Anawapukuta. Anawauzira mpweya kuti afunde. Analowa mwakachetechete.

Amayi anavundukula chitenje pang'ono.

Munali kamwana. Kamphuno kakang'ono. Timaso totseka. Kumutu kunali kachipewa kofiira. Kanaphimba makutu onse awiri.

"Ndi mlongo wako," anatero Amayi.

Tisiyenji anakhudza kachipewa ndi chala chimodzi. Kanali kofunda.

"Sanamve kuzizira, Amayi?"

"Sanamve ngakhale pang'ono."

"Zikomo, Mulungu," anatero Tisiyenji.

Mwana anayasamula. Anatsegula diso limodzi.

"Akukuyang'ana," anatero Abambo. "Mulonjere mlendo."

Tisiyenji anagwada bwinobwino. Anaomba m'manja mofatsa, monga amachitira kwa alendo. Sananong'oneze. Analankhula kuti onse amve.

"Mwayenda bwanji, achimwene? Ine ndine Tisiyenji. Ulusi wanu wofewa uja ndinatenga ndine. Sindinapemphe. Chonde, mundikhululukire."