Mtondo pa Manda a Ndatola

Ng'ombe zinali zitangolowa m'khola, fumbi lisanakhazikike, pamene Esme anazindikira kuti wabwerezanso. Anali atagwada kuseri kwa khitchini, chipanda chili m'manja, akuthira chambiko m'phale. Anafika mpaka poitana, "Pusi, pusi, Ndato..." Mphaka wakeyo anali atatha masabata atatu m'dothi, pafupi ndi nkhokwe, pomwe anamukwirira yekha ndi khasu la malemu mwamuna wake. Esme anayang'ana phalelo, mtima n'kuyamba kuwira. Chambikocho sanachitaye, anachisiya pomwepo monga ankachitira madzulo onse.

Esme anali Mchewa wa ku Kasungu, wokwatiwa kwa a Shaba, mudzi wina kumwera kwa Embangweni, komwe ankamutchula kuti NyaPhiri. Mwamuna wake Wilkins anapita ku Joni pa Wenela, ndipo chomwe chinabwerako ndi sutikesi, bulangete ndi kalata yoti mgodi unamugwera. Anamusiyira mwana mmodzi, Loyce, wa zaka zinayi. Tsono kwa Angoni, ng'ombe zamalowolo zikapita, mwana ndi wa kuchimuna. Esme akanatha kubwerera kwawo tsiku lililonse, koma akanapita yekha, kumbuyo kopanda wobereka. N'chifukwa chake anakhala, n'kumameza mate.

Zomezera mate zinalipo zambiri. Azilamu ankamuseka kuti ndi wa mtundu wodya mbewa. Mkulu wake wa Wilkins, Zondwayo Shaba, yemwe anali tcheyamani wa nthambi ya chipani, ankafuna kumulowa chokolo. Esme anakana kawiri konse, atagwada, mwaulemu wake wonse. Zondwayo sanakalipe. Amati khoswe amaluma akuuzira, ndipo bamboyu ankadziwa kuuzira. M'mawa uliwonse ankaima pabwalo akumwetulira: "Mulamu, mwauka uli? Mwana wathu ali bwino?"

Mphaka uja, Ndatola, anabwera mwezi womwewo wa kalata yamaliro. Esme anapita kudambo kukakumba dothi lozirira, n'kuona chiguduli chomanga kukamwa chitakodwa m'mabango. M'katimo munali tiamphaka tinayi, titatu titauma kale. Kachinayi, kakuda bii ndi banga loyera pachifuwa, kanali kakupuma pang'onopang'ono. Anakaika pamimba m'kati mwa chitenje, n'kumakayamwitsa mkaka ndi kansanza. Kanachira, koma madzi a m'dambo anakasiyira chilema: kakamalira ndi chimwemwe, m'chifuwa munkamveka phokoso ngati chimanga chikukazingidwa m'phale. Esme ankalidziwa phokosolo ngati mmene mayi amadziwira chifuwa cha mwana wake.

Mphakayo anakula kukhala munthu wa pakhomo. Ankaperekeza Esme kuchitsime, n'kukhala patali kuopa kunyowa. Ankagona kumapazi kwa Loyce, ndipo mwana akatembenuka nayenso ankatembenuka. M'mbandakucha uliwonse ankasiya mutu wa khoswe pakhomo penipeni, mphuno italoza m'nyumba, woikidwa bwino ngati mphatso ya mlendo.

"Iwe, anakuuza ndani kuti ndimadya mitu?" Esme ankamukalipira chotero akusesa. Ndatola ankangonyambita dzanja.

Zoopsa zinayamba atakolola. Nkhokwe za anthu zinayamba kutsika popanda bowo kapena chitsononkho chogwa pansi. Dzuwa likamalowa, m'madenga munkamveka tsekeretsekere, ndipo pamudzi pankadutsa fungo la mkodzo wa makoswe losakanikirana ndi mafuta a nsatsi opserera. Agalu ankalowa pansi pa ngolo. Kenaka ana anayamba kudzuka mapazi atawengedwa kunsi, khungu litadyedwa bwinobwino, mwana osamva kanthu. Wolumidwayo ankafota ngati nkhwani wa padzuwa. Mwana wa Dyness, mnansi wa Esme, anamutengera kuchipatala pa njinga, koma anamwalira asanafike. Patatha masabata awiri anaika maliro a mwana wa Bestone, mbusa wa ng'ombe za pamudzi.

Nkhokwe imodzi yokha ndiyo inkaoneka ngati ikufufuma, ya tcheyamani. Aliyense anali ndi maso, koma pakamwa panali potseka. Masiku amenewo munthu wotero akangonena kuti wakuti alibe khadi la chipani, kapena wanyoza boma, galimoto inkabwera kuchokera ku Boma, ndipo achibale ankaopa ngakhale kufunsa. Mwana mmodzi yekhanso ndiye anali ndi mapazi osalala, Loyce.

Tsiku lina Ndatola anabwera khutu litang'ambika, nthiti zili magazi. Pakhomo sanaike mutu. Anaika dzanja lakutsogolo la khoswe, lalikulu ngati la mwana wa kalulu, lomangidwa ulusi wakuda wokhala ndi mkanda umodzi wofiira. Esme anauzindikira mkandawo, chifukwa anali atauonapo kunsi kwa wotchi ya mlamu wake Zondwayo. Dzuwa litakwera Zondwayo anatuluka dzanja lamanzere litakulungidwa nsanza. Ankauza anthu kuti tcheni cha ngolo chamupana.

Madzulo ake belu la chipani linalira. Amuna anakhala pafupi ndi khola, amayi cha patali, miyendo atapinda.

"Ana akutha pano," anatero Zondwayo, mawu ake ofewa. "Koma wa mlendo yekha ali makora chomene. Ndani pano amayankhula ndi chona wakuda ngati munthu? Ndani anamutola m'madzi, momwe anzake onse anafa?"

Anthu anang'ung'udza. Munthu woferedwa amafuna pogwira, ndipo Zondwayo anawapatsa pogwira posaluma. Ayufi awiri, anyamata a chipani, anakamutenga Ndatola pamphasa ya Loyce, ali chigonere ndi mabala ake, n'kumuponya m'chiguduli. M'chiguduli! Momwe anachokera momwemo! Zondwayo anamanga kukamwa ndi mano, n'kutenga chibonga ndi dzanja lake labwinolo. Mphakayo analira kanayi. Esme anawerenga. Mkazi wokwatiwa pamudzi sayankhula pabwalo la amuna, choncho anakhala chogwada, zikhadabo zitalowa m'ntchafu, akumva mnzake akuphedwa ndi wakuba yemwe mphakayo anamugwira.

"Mbwenu tamaliza," anatero Zondwayo akupukuta thukuta. "Koma akangodwalanso mwana wina, mulamu, mudzakwera basi ya ku Kasungu. Mwana wa mng'ono wanga adzagona kwanga."

Anthu opusa inu, munapha mlonda n'kuombera m'manja mbala! Usiku womwewo Loyce anayamba kudzuka mapazi ali psuu. Esme anayesa kumuveka masokosi a malemu bambo ake, anayesa kumugoneka pamiyendo, koma tulo tachilendo tinkamugwira, ndipo kukacha masokosi anali obooka. Pofika madzulo ano mwana anali atasiya kusewera. Anali gone pakhonde, maso ali mbee.

Esme akadali chigwadire paphale paja, Dyness anatulukira kuseri kwa nkhokwe akuyang'ana uku ndi uku.

"NyaPhiri, mwamva? Mwana wina walumidwa, wa Enifa."

"Liti?"

"Lero. Akuti mawa m'mawa ayufi akuperekezani ku basi."

"Nanga Loyce?"

Dyness anabwerera msangamsanga momwe anadzera.

Esme anatsala yekha. Maso ake anagwera paphale, ndipo ndi pamene anaganiza chinthu chomwe chisoni chinamubisira masiku onsewa. Kukacha phalelo linkapezeka loyera. Ankati ndi agalu, koma agalu a pamudzi anali atasiya kuyenda kukada. Anawerama n'kuyang'anitsitsa fumbi. Panali kanjira kosalala kochokera ku mpanda, kodutsa pamanda a Ndatola, kofika paphale, kenaka n'kulowera ku ngalande ya nyumba. Mapazi ake anali atatu, pachinayi panali mzere wokwekwereza.

Ndiye kuti chinthucho chinkayamba chamwa chambiko cha Ndatola, n'kupita kukadya mwana. Chinkaponda pamanda ake popita ndi pobwera! Mantha onse anamuthera Esme nthawi yomweyo. Anatsala ndi mkwiyo wokhawokha, wouma, wopanda misozi.

Anakumbukira mmene Ndatola ankasakira. Sankathamangitsa, sankafufuza m'mapanga. Ankapeza njira, n'kukhala, kudikira chisisira. Ndipo a Shaba poseka Achewa kuti amadya mbewa anaiwala chinthu chimodzi: wodya mbewa amadziwa kuzitchera. Esme anatchera diwa loyamba mano a mkaka asanaguluke.

Anasuntha phale n'kuliika pamwamba pa manda. Anagubuduza mtondo wake waukulu wa mtengo wa muwanga, wolemera moti amuna awiri ankauvutikira, n'kuuvundikira paphalepo, mbali imodzi atayitukula ndi kamtengo kamphanda. Kukamtengoko anamanga luzi, n'kulikwirira ndi fumbi mpaka pansi pa nkhokwe. Anadzola phulusa m'manja kuti fungo la munthu lisamveke. Kenaka analowa pansi pa nkhokwe, pamalo pomwe Ndatola ankakhala, luzi atalikulunga kuchala.

Kumadzulo kunali kukadali kofiira. Amayi ankaitana ana, wina ankatsuka mbale. Kenaka nkhuku zinangoti zii m'chitele, ndipo fungo lija linafika, la nsatsi zopserera. Udzu wa kumpanda unagwedezeka. Chinatuluka chikhoswe chachikulu ngati mwana wa mbuzi wobadwa kumene, chotuwa m'mutu, chikutsimphina. Chinaima pamanda n'kuyang'ana kukhonde komwe kunali Loyce. Esme analumbira mpaka kufa kwake kuti chinamwetulira, kumwetulira kuja kwa m'mawa uliwonse. Chinalowetsa mutu kunsi kwa mtondo, kenaka mapewa, kenaka chiuno. Esme anadikira mpaka mchira.

Anakoka. Mtondo unagwa kuti khu!

Nthawi yomweyo kumtunda kwa mudzi kunamveka mfuu ya mwamuna, yosokosa moti ng'ombe zinadzidzimuka m'khola. Esme anatuluka, n'kukhala pamwamba pa mtondowo, manja atapinda pachifuwa. Kunsi kwake zikhadabo zinkapala mtengo.

Sipanapite nthawi, Felesta, mkazi wa Zondwayo, anafika akuthamanga, duku lili m'manja, khamu la anthu lili pambuyo. Anadzigwetsa pansi.

"Mulamu, ndapota! Vundukulani!"

"Ndivundukule chiyani?"

"Adada, amuna anga, akufa! Adzipinda pakati pa nyumba, maondo kuchibwano. Akuti kuli mdima, akuti sakupuma, akuti mukununkha gaga!"

"Adada ali kunyumba kwawo," anatero Esme mokweza kuti onse amve. "Muno muli khoswe. Mwadziwa bwanji kuti mubwere kwa ine?"

Dyness anagwira pamutu n'kuyamba kulira dzina la mwana wake. Bestone anapita kumtunda kunyumba kwa Zondwayo, ndipo pobwera nkhope yake inali ngati phulusa.

"Ndamasula nsanza ija," anatero. "Dzanja palibe. Si tcheni ayi. Ndi mano."

Ayufi awiri aja anayamba kubwerera m'mbuyo. Esme anawaloza chala.

"Imani pomwepo! Si inu munamunyamula pamphasa? Nonsenu munalipo. Analira kanayi, wina anati ndapota? Lero mwadziwa kupepesa chifukwa wavundikiridwa ndi wa wotchi?"

Amuna akuluakulu ankayang'ana zala za kumapazi.

Ndi pamene Esme anamva kanthu kena kunsi kwa mtondo. Kupala kuja kunaleka. M'malo mwake munayamba phokoso lochokera pansi, m'dothi mwenimweni, laling'ono, lothetheka ngati chimanga chikukazingidwa m'phale. Anatsika pamtondo pang'onopang'ono n'kuima pambali, manja ali poyera kuti aliyense aone kuti sakugwira kanthu.

Mtondo unagwedezeka wokha. Munamveka kulira kwa khoswe kosongoka, kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Kenaka khwechee, ngati munthu waponda chigoba cha nkhono. Kumtunda, mlongo wake wa Zondwayo anayamba kubuma maliro.

Bestone ndi amuna ena awiri atatukula mtondowo, munalibe khoswe, munalibe magazi, dothi la pamanda linali losafukulidwa. Munali phale lokha, lonyambitidwa mbee. Amene anasambitsa mtembo anati pakhosi panali timabowo tinayi, koma ananena monong'ona, ndipo ku Boma kunapita uthenga woti tcheyamani wamwalira ndi mtima.

Loyce anagona osatembenuka. Kutacha Esme anayang'ana mapazi ake, n'kupeza palibe bala latsopano. Mwanayo anapempha phala, koyamba m'masiku asanu. Za basi ya ku Kasungu palibe anazitchulanso.

Esme anatenga tsache n'kutsegula chitseko. Pakhomo penipeni panali mutu wa khoswe, waukulu, wa imvi, woikidwa bwino, mphuno italoza m'nyumba. Misozi yomwe inakana kutuluka masabata atatu inabwera yonse pamodzi.

"Iwe," anatero, "anakuuza ndani kuti ndimadya mitu?"

Anasiya tsache pansi, n'kupita kukatenga chipanda cha chambiko.